Banga la Mutu wa Abambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene chitini cha penti chinafika kwathu. Anabwera nacho dalaivala wina wa mathiraki odutsa pa malire a Mwanza, ndipo uthenga umene anapereka kwa amayi unali waufupi: abambo akuti akubwera pa Khirisimasi, adzapeze nyumba itapakidwa.

Abambo anali ku Joni. Anapita ine ndili wamng'ono ndithu, zaka zija matipate atangoyamba kumene, pamene amuna ambiri a kwathu ankatsetserekera kumeneko kukasaka maganyu. Kwathu ndi m'mudzi wina pamsewu wochoka pa boma kupita ku Thambani. Nyumba yathu inali ya njerwa zootcha, yamalata, ndipo chaka ndi chaka amayi ankaipaka laimu ndi chisanza chomangirira kumtengo. Penti weniweni, wonyezimira, tinkangomuona pa masitolo.

Ndineneretu kuti ine mtima wanga ngwapachala, ndipo sunayambe lero. Sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, koma nkhani imeneyo ndi ya tsiku lina. Amalume anga a Zuze, mchimwene wawo wa amayi, ankanditchula Kambuzi. Anthu akawafunsa ngati akunena kambuzi ka tsabola kapena kambuzi kogunda anthu, iwo ankayankha kuti, "Mukamuputa mudziwa nokha."

Pakhonde pathu, kumanja kwa chitseko, panali banga pakhoma. Abambo asanapite ankagwira ntchito yonyamula katundu pa malire. Akaweruka ankasamba, n'kudzola mafuta a m'botolo m'tsitsi lawo lambiri lija, kulipesa mpaka liime, kenako n'kukhala pa kampando, mutu atatsamiritsa kukhoma, wailesi ili pamwendo. Malo ake anali omwewo tsiku ndi tsiku. Mafuta aja analowerera m'pulasitala n'kusiya banga lodera, lozungulira, kukula kwake ngati mbale ya ndiwo. Amayi akapaka laimu, banga linkabisala kanthawi, kenako n'kuyambanso kutulukira pang'onopang'ono ngati munthu wosuzumira pawindo.

Nkhope ya abambo inali itayamba kundithawa. Mawu awonso sindinkawamva bwino m'mutu mwanga. Koma banga lija linalipo, ndipo dzuwa likaomba khomalo masana, ndikayandikiza mphuno, kafungo ka mafuta aja kankamvekabe patalipatali. Kusukulu anzanga ankandinena kuti ndine mwana wa mtchona, kutanthauza munthu amene anapita kunja n'kuiwala kwawo. Ndinkamenyana nawo mpaka malaya kung'ambika. Ndikafika kunyumba ndinkakhala pa kampando kaja, pansi pa banga, mpaka mtima utatsika. Mutu wanga sunkafika pamene panali wa abambo.

Ntchito yopaka inagwera amalume, poti iwo ndiwo ankapaka magolosale ndi malo ogona alendo pa malire. Anafika pa njinga m'mawa wina wotentha, mvula isanayambe, atamangirira mabulashi ndi zitsulo pakaliyala. Anatsegula chitini ndi sikuludiraiva, n'kununkhiza ngati munthu wogula fodya. Penti anali wa buluu. Iwo ankamutchula tinta, chilankhulo cha ku Zobwe, kutsidya kwa malire, kumene anaphunzirira ntchito.

"Iyi ndi tinta ya mabwana, achemwali," anawauza amayi. "Munthu wotchona satumiza tinta yotere."

Amayi anaseka mobisa, ine mtima unachita kudumpha. Ndinatola bulashi yaikulu kuti tiyambepo.

"Ika pansi, Kambuzi."

"Sitipaka?"

"Kupaka n'kwa pomaliza. Ngakhale nkhuku itaviika mchira m'chitinimu ikhoza kupaka. Bwera kuno."

Anasisita khoma ndi chikhatho n'kundionetsa. Dzanja lonse linali mbuu ngati achokera kuchigayo.

"Penti alibe nzeru, mphwanga. Amagwira chimene wayamba kukumana nacho. Akakumana ndi ufa wa laimuwu, agwira ufa, osati khoma. Tsiku limene ufa udzatope n'kugwa, nayenso adzagwa nawo."

Basitu, m'malo mopaka tinayamba kupala. Tinkanyowetsa khoma, n'kumakokolola laimu wa zaka zonse zija ndi sikirepa, kachitsulo kophwatalala kaja, kenako n'kutsukuta ndi bulashi ya waya mpaka simenti yeniyeni ioneke. Fumbi linkalowa m'mphuno, m'maso, m'makutu. Ndinkatsokomola zoyera. Nyumba imene ndinkayembekeza kuti ikongola inayamba kuoneka ngati galu wa mphere, ndipo anthu odutsa ankaima n'kufunsa ngati tikuigwetsa. Ndinaponya sikirepa kutchire kangapo konse. Amalume sankakalipa. Ankangoimba mluzu mpaka nditakaitola ndekha.

Chigawo chilichonse cha khoma chinali ndi mlandu wake. Mbali yoyang'ana kukhitchini inali ndi mwaye, ndipo tinaitsuka ndi sopo waufa ndi madzi ofunda, n'kutsukuluza mpaka thovu litatha, chifukwa amalume ankati sopo wotsalira nayenso ndi mdani. M'munsi mwa khoma, momwe madzi ochokera pamalata ankathovukira, munali mobiriwira. Anandikumbitsa kangalande kuti madzi azipita kutali, ndipo atatha kupala anamatapo kapulasitiki n'kukasiya. Tsiku lotsatira anakamatula, mkati mwake muli timadontho.

"Waona? Khoma likutuluka thukuta. Ukalitseka ndi penti lili chonchi, madziwa afuna potulukira, ndipo adzatuluka atanyamula penti wako pamutu."

Tinadikira mpaka kapulasitiki kaja katayamba kuchoka kouma. Ming'alu anaikulitsa kaye pang'ono asanaimate, zomwe ine ndinaona ngati misala. Chitseko chinali ndi penti wakale wosalala, ndipo anandipatsa sandipepa kuti ndichikhute mpaka kunyezimira konse kuthe. Ankati chinthu chosalala kwambiri penti amasowa poponda.

Ndiye tsiku lina tinafika pakhonde.

Amalume anali ndi kachizolowezi koviika zala m'ndowa n'kuwaza madzi pakhoma. Pamene tapala bwino, khoma linkamwa madziwo n'kuda. Atawaza pa banga la abambo, madzi anangoima timikanda n'kutsetsereka pansi.

"Ehe! Apa pakhuta mafuta," anatero. "Pamene sipamwa madzi sipamwanso penti. Achemwali, tenthetsani madzi ambiri. Apa tichapa kangapo, mwinanso tisema pang'ono pulasitalayu."

Sindikumbukira kuti ndinayenda bwanji. Ndinangozindikira ndaima pakati pa amalume ndi khoma, ndowa ya madzi a sopo ndaikankha ndi phazi, ikugubuduzika pabwalo, nkhuku zili balalabalala.

"Musakhudze pamenepa!"

"Iwe, wayamba liti kulamula akapitawo?"

"Ndati musakhudze! Mukakhudza nditaya penti yense m'chimbudzi!"

Amayi anatulukira kuseri ali ndi lichero la nandolo m'manja. "Limbani! Wapenga kodi? Ukulankhula ndi amalume ako kapena mnzako wa mpira?"

"Ndi pa abambo apa!" ndinakuwa. "Ndi pa mutu wa abambo!"

Ndinkadikira khofi, chifukwa amayi dzanja lawo silinkachedwa. Koma iwo anangoyang'ana banga lija, kenako nandolo wawo, n'kuyamba kusankhamo timiyala timene munalibe. Patapita nthawi anati chapansipansi, "Achimwene, musiyeni mwanayo." Ndi pambuyo pake pamene ndinazindikira kuti zaka zonse zija, amayi akafika pamenepo ndi chisanza chawo cha laimu, ankangodutsitsa kamodzi mopepuka.

Amalume ananyonyomala kuti maso athu alingane. Kuseka kunali kutawathera.

"Kambuzi, ine sindikunamiza. Ndikapaka pamwamba pa mafutawa, pa Khirisimasi paoneka bwino. Koma mvula ikamatha penti atupa, asweka, asupuka ngati njoka yofundula. Anthu adzaloza n'kumati Zuze sadziwa ntchito."

"Anene."

"Dzina langatu limenelo ukuliponya m'matope."

"Olo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapukusa mutu n'kuseka. "Mutu wouma uwu ndi wa kuchimuna, achemwali, kwathu kulibe. Chabwino. Khoma ndi la kwanu. Koma tipangane pano: tsiku limene adzasupuke, wopala ndiwe."

Ndinavomera msanga, poti ndinkadziwa kuti banga likhala mkati, lotetezeka, ngakhale lisaoneke.

Kupaka kwenikweni kunatha mofulumira moti ndinakhumudwa. Tinayamba ndi andakoti, penti woyera wopyapyala amene amalowa m'khoma n'kukonzera mnzake pogwira. Atauma, tinapaka wa buluu uja, mopyapyalanso, m'mawa dzuwa lisanapse, chifukwa amalume ankati penti wopakidwa pakhoma lotentha amauma pamwamba mkati muli phala. Ine ndinkafuna kuviika bulashi yonse kuti tithane nazo kamodzi. Anandimenya kadzanja. "Ukamuunjika amalira misozi. Pang'ono, aume, ubwerezenso." Pa banga paja anandipatsa bulashi kuti ndipake ndekha, iwo atayang'ana kumbali.

Nyumba inakongola, abale. Anthu a njinga za kabaza ankachepetsa liwiro podutsa. Amayi anayamba kusesa pabwalo kawiri patsiku.

Khirisimasi inafika, abambo osafika. Ndinakhala kumsewu tsiku lonse nditavala malaya a kutchalitchi, kuyang'ana pikapu iliyonse yochokera pa boma. Chaka chatsopano chinadutsa. Dalaivala uja sanaonekenso, uthenga panalibe. Kusukulu mawu aja anakula: "Mtchona watumiza penti m'malo mwa mutu wake!" Mwana amene ananena zimenezi ndinamugwetsera m'chithaphwi, ndipo aphunzitsi anandikumbitsa dzenje.

Mvula itayamba kukata, pa banga paja panatuluka timatuza. Ndikadina ndi chala tinkabonyoka. Kenako tinasweka, penti n'kuyamba kupindika m'mbali ngati khungwa la bulugamu. Pofika nyengo imene manachesi amapsa, panali patasupuka bwalo lathunthu, banga lili poyera monga kale, pomwe khoma lonse linali gwa, olo ulikande ndi chikhadabo. Amalume akadutsa ankaimitsa njinga, kuyang'ana, n'kunena kuti, "Kambuzi, sikirepa ikukupatsa moni." Ine ndinkathawira kudimba. Sanandikakamize.

Abambo anafika nyengo yozizira, masana, wapansi. Ine ndinali pakhonde. Ndinaona munthu wowonda, wometa mpala, atavala jekete yaikulu kuposa thupi lake, m'manja muli kajumbo kamodzi. Ndinaganiza kuti ndi wogula manachesi. Amayi ndi amene anagwetsa chidebe n'kuthamanga akulira.

Sindinapite kukawalandira. Munthu ameneyu sankafanana ndi amene ndinkamusunga m'mutu. Tsitsi lija panalibe. Wailesi panalibe, njinga panalibe, ngakhale siwiti. Atatambasula dzanja kuti, "Limbani, wakula chonchi?" ine ndinapinda manja kumbuyo n'kuyang'ana pansi. Amayi anandikodola ndi maso mwaukali, koma abambo anati, "Musiyeni."

Masiku angapo tinakhala ngati anthu okumana pa depoti. Iwo pakhonde sankakhalapo. Ankakhala kuseri, pansi pa mtengo wa nachesi, anthu obwera kudzawaona akamafunsa za ku Joni, iwo n'kumangoyankha mwachidule. Ine ndinkadya msanga n'kuchoka. Mumtima ndinkawira. Ndinali nditamenyana ndi theka la kalasi chifukwa cha munthu ameneyu, ndipo iye wangobwera ndi kajumbo.

M'mawa wina ndinawaona akuzungulira nyumba, manja kumbuyo, akuyang'ana penti wawo. Ankagogoda khoma, kusisita, n'kugwedeza mutu mokhutira. Atafika pakhonde anaima.

"Amake Limbani, nanga apa alamu anatopa?"

Amayi anayankha ali m'nyumba. "Funsani mwana wanu."

Anatembenukira kwa ine. Ndinkafuna kukhala chete, koma pakamwa panga sipanandimverepo chiyambire.

"Ndinakaniza ndine. Ndi pamene munkatsamira."

Abambo anayang'ana banga, anayang'ana kampando, kenako anakweza dzanja n'kusisita mpala wawo uja. Mapewa anayamba kugwedezeka. Ndinaganiza kuti akulira, koma ayi, ankaseka, ngakhale m'maso munali mutadzaza madzi.

"Ndiye iwe zaka zonsezi wakhala mlonda wa litsiro langa?"

"Si litsiro!"

"Ndi litsiro, mwanawe. Mafuta otchipa a pa malire ndi thukuta la matumba."

Pamenepo ndiye ndinaphulika. "Nanga tikanasunga chiyani? Inu munati Khirisimasi! Ndinakudikirani kumsewu! Akunditchula mwana wa mtchona, inu muli phee!" Ndinawalumphira n'kuyamba kuwamenya zibakera pachifuwa, ine mwana wa dzulodzulo kumenya bambo wondibereka. Kwathu zimenezo n'zosayenera n'kuzitchula komwe. Amayi anatuluka akukuwa, koma abambo anawaletsa ndi dzanja. Anandisiya ndimenye mpaka manja atalema. Chifuwa chawo chinali mafupa okhaokha. Kenako anandigwira mikono yonse iwiri n'kundikhazika pa kampando kaja, iwo n'kukhala pansi pasimenti.

Anandiuza zonse mosabisa, ngati akuuza munthu wamkulu. Anati atangotumiza penti, apolisi a kumeneko anawagwira chifukwa mapepala awo anali atatha. Anawatsekera pamalo osungira anthu obwezedwa kwawo, komwe anawameta, komwe anadwala, komwe kunalibe njira yotumizira mawu. Katundu amene anatigulira anatsala m'chipinda chimene ankachita lendi, ndipo sakudziwa amene anatenga.

"Ndimachita manyazi kukhala pakhonde pano," anatero. "Nyumba yokongola chonchi, mwini wake wabwera chimanjamanja. Koma sindinatchone, Limbani. Zimenezo ukawauze anzakowo. Osawamenya, ungowauza."

Ndinkapukuta mamina ndi mkono. Kenako analoza khoma ndi chibwano.

"Nanga apa titani? Tipale kapena tisiye? Unene ndiwe mlonda."

Ndinadzuka n'kuuyamba ulendo wa kwa amalume, ndipo pobwera ndinali pakaliyala ya njinga yawo, sikirepa ili m'manja.

Amalume tsiku limenelo sanagwire kanthu. Anakhala pa njerwa n'kumasenda manachesi athu, akulamula ngati bwana wa kontirakiti. "Pangano ndi pangano, wopala ndi Kambuzi. Alamu, inu ndinu wotunga madzi." Ndinapala penti yense wofooka mpaka ndinafika pamene anakana kuchoka. Ndiye tinachapa banga ndi madzi otentha ndi sopo, ine kutsukuta, abambo kutsira. Thovu linkatsika lodera. Fungo la mafuta aja linabuka mwamphamvu ndi nthunzi, kamodzi komaliza, ndipo ndinaima kaye bulashi ili m'manja. Abambo sanandifulumizitse. Tinachapa, kuumitsa, kuchapanso. Pamene mafuta analowa kwambiri tinasema pang'ono n'kumata simenti yatsopano, ndipo amalume anatiletsa kupaka mpaka itaumitsitsa, zomwe zinatenga masabata. Abambo ndi ine tinkapita limodzi m'mawa kukamatula kapulasitiki kuona ngati thukuta latha. M'masiku odikira amenewo ndi mmene ndinayambira kuwafunsa za ku Joni, iwonso kundifunsa mayina a anyamata amene ndinawamenya.

Tsiku lopaka, amalume anawaza madzi ndi zala. Khoma linamwa. "Eya, tsopano lili ndi ludzu," anatero. Tinakhuta m'mbali mwa penti wakale ndi sandipepa kuti pasakhale chitunda, kupukuta fumbi, andakoti, kenako wa buluu amene anatsalira pansi pa chitini.

"Alamu," anatero amalume akutsuka bulashi, "tsitsilo likamera, muziika kathawulo kumutu. Ine sindibweranso kuno."

Lero ndine wopaka penti, ndimagwira pa boma ndi pa malire pomwe. Mtima uja sunasinthe kwenikweni. Ndimakangana ndi eni nyumba amene amafuna ndifike m'mawa, madzulo alendo adzaone buluu, ndipo ena ndinawasiyira makwerero awo n'kuchoka. Amaona ngati masiku opala, kuchapa ndi kudikira ndi ulesi, poti pa masiku amenewo nyumba imaoneka yoipa kuposa mmene ndinaipezera. Ndimawauza zimene ndinaona ndi maso anga: ufa, mafuta, mwaye ndi chinyezi sizifa chifukwa wazibisa. Zimangodikira mvula ithe.

Chimene sindiwauza, poti si za ntchito, n'chakuti ndimaganiza kawirikawiri za mmene zikanakhalira abambo akanafika pa Khirisimasi paja ndi masutikesi, ine n'kugwada, kulandira nsapato, kunena zikomo. Tikanaoneka bwino pamaso pa mudzi wonse, mkwiyo wanga wa zaka zija uli mkati, manyazi awo ali mkati. M'malo mwake tinayamba ndi zibakera ndi mamina, tsiku loipa kuposa onse, ndipo zonse zinatuluka. Abambo akalamba tsopano. Timakanganabe, za mpira, za feteleza, za kusakwatira kwanga. Mawu amakwera mpaka amayi kutithamangitsa pakhonde. Koma chiyambire tsiku limenelo, pakati pa iwo ndi ine palibe chimene chinasupukapo.